Chitseko Ndipita Nacho

1.

Masamba.

Anawayala pamsewu dzuwa lisanatenthe, nthambi za mango, zina kumtunda kwa nyumba, zina kumunsi, mbali ya kujeti. Wobadwira kuno sachita kufunsa. Wa njinga amatsika. Wa chipewa amavula. Wa wailesi amazimitsa. Ngakhale wa kabaza amene wanyamula kasitomala wochedwa amayenda chokankha, nkhope ili pansi. M'nyumba ya chitseko chosemedwa muli maliro. A Jafali atisiya m'mawa uno, ndipo mwa Chisilamu sagona pamtunda: ikatha swala, pemphero la masana, ulendo wa kumanda.

Koma sitima siidziwa masamba.

2.

Ndi sitima yoyera, ya mazenera ambirimbiri, imene imazungulira madoko akale a m'mbali mwa nyanja nthawi ya chilimwe. Imakocheza m'mawa, kukhuthula alendo ake pajeti, madzulo n'kuwatolanso. Mlendo ndi mame, inde, koma mame awa amabwera ndi makamera. Kapepala kamene amawagawira akamatsika kamawalonjeza izi:

jeti yakale
mkuyu umene ankamangirirapo akapolo
mzikiti wopanda denga
msika wa zitenje ndi zosemasema
Chitseko
nkhomaliro m'sitima

Zina zonse anazilemba m'zilembo zazing'ono. Chitseko chokha ndicho chili ndi chilembo chachikulu, ngati dzina la munthu.

3.

Sakina, mwana woyamba wa a Jafali, ndiye anawatseka maso. Ndi mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene ukwati utamukanika anabwerera pakhomo ndi sutikesi imodzi n'kuyamba kugulitsa mpunga pamsika. Bambo ake atagwidwa ndi sitiroko anasiya ndi mpunga womwewo. Iyeyo ndiye ankawamwetsa phala, kuwatembenuza, ngakhale kuwasambitsa, ntchito imene aliyense akudziwa kuti ndi ya mwana wamwamuna. Tsono amayi atadzaza m'nyumba, kulira koyamba kutaphwa, iye anaimirira pakati pawo n'kunena mosanjenjemera.

Bambo alankhula asanatsirizike. Ati, chitseko ndipita nacho.



Onse anamva bwino chimene akutanthauza. Kuno munthu sitimuika m'bokosi. Adzukulu akakumba dzenje amafukulanso kachipinda m'mbali mwake, mtembo wokulungidwa m'nsalu yoyera amaugoneka mmenemo, n'kutseka ndi matabwa kuti dothi lisagwere kumaso. Matabwa wamba. Sakina amati thabwa la bambo ake likhale chitseko.

Onse ankadziwanso china: chidwalireni matendawa, a Jafali sanatulutsepo liwu ndi limodzi lomwe. Koma ndani angatsutse munthu amene watseka maso a malemu? Amayi anangokonza mipango yawo.

4.

Kumanzere kwanu, amayi ndi abambo, kumanzere kwanu.

Awa ndi mawu a Twaibu, mlongo wake wa Sakina, wamng'ono, amene amayendetsa alendo atavala malaya a kampani, kachimkuzamawu kali m'chiuno. Amawanena m'Chingerezi, koma msewu wonse unawaloweza.

Kumanzere kwanu mukuona chitseko chimene chinabwera pa ngalawa kuchokera ku Zanzibar, cha Mluya wina wolemera amene ankagula minyanga ndi anthu. Onani maluwawo. Onani kuchuluka kwake. Ndipo agogo akhala apawa ndi mdzukulu wake weniweni. Jambulani, sakana. Kumanja kwanu kuli zimbudzi.

5.

Nkhani ili apa. Chitsekocho chinali chitagulitsidwa kale, pakamwa. Mayi wina wa chipewa chachikulu, wogwira ntchito ku nyumba yosungira zinthu zakale kutsidya kwa nyanja zamchere, anachiona ulendo wapitawo, anachisisita, mpaka kugwetsa misozi. A Kaliwo, bwana wa maulendo a alendowa, anamutengera Twaibu pambali. Twaibu ali ndi ana kusukulu ndi denga lodontha. Anavomera. Bokosi lonyamulira analikhoma mumzinda, mkati mwake masiponji okhaokha, ndipo lero lili m'sitima, kudikira. Mwini nyumba alibe bokosi, chitseko chake chili nalo.

A Jafali asankha tsiku lofera. Ena akuti zangochitika.

6.

Bambo akadali ndi pakamwa ankati, mverani ana inu, agogo anga anagwidwa kumapiri uko akuingitsa mbalame m'mapira, anawatsitsira kuno ali m'goli pamodzi ndi anzawo ambirimbiri, anzawo onse anakwezedwa m'ngalawa n'kuwoloka nyanja osabweranso koma iwo anatsala chifukwa mwini akapolo anawaona pansi pa mkuyu akusema kamtondo ndi msomali, anati uyu ndi fundi uyu sapita, ndiye dzina linakhala lomwelo Fundi, lawo lenileni linatsala kumapiri ndi mapira aja, anawapatsa mlombwa ndi kasemasema nati undisemere chitseko choposa za ku Zanzibar ukalephera ngalawa ikudikira, anasema mvula n'kubwera n'kupita n'kubweranso, ankasema pang'onopang'ono dala chifukwa duwa lililonse linali masiku ena okhala tsidya lino, n'chifukwa chake maluwawo achuluka chonchi mpaka ena akwerana, pamene ankamaliza ukapolo unali utatha mwini wake atathawa nyumba yake itayamba kugwa, iwo anazula chitseko chawo n'kuchisenza pamutu kudzamanga nyumba yochizungulira, inde ana inu ena amayamba nyumba n'kufuna chitseko ife tinayamba chitseko n'kufuna nyumba

7.

Nkhani imeneyo Twaibu anayesapo kuwauza alendo, chaka chake choyamba. A Kaliwo anati yatalika, ndiponso alendo amakonda Zanzibar. Anabwera ndi nduwira yofiira ndi lupanga lamtengo lopaka utoto wasiliva. A Jafali anakana. Anati ine ndine telala, ndili ndi mzuli wanga. Sitima ikalira ankatseka chitseko n'kupita kumzikiti.

Kenaka sitiroko.

Munthu wosalankhula sakana. Sitima ikalira Twaibu ankawanyamula ndi mpando womwe, kuwakhazika pakhonde, kuwakulunga nduwira, kuwagoneka lupanga pamiyendo. Dovu likamatsika Sakina ankabwera ndi kansalu, ndipo alendo ankadikira mwaulemu kuti achoke m'chithunzi. Mdzukulu wa kapolo ankasanduka mdzukulu wa wogula akapolo, kamodzi pamwezi.

Sakina anamenyapo nkhondo zake zing'onozing'ono. Tsiku lina anayanika zofunda za bambo pachitseko penipeni. Tsiku lina anatentha zinyalala mpaka alendo anatsokomola m'zinenero zawo zonse. A Kaliwo sanakalipe, anangotumiza paketi ya shuga ndi moni. Zinamupweteka kuposa kutukwanidwa. Koma mankhwala a bambo ankagula ndi Twaibu, ndiye mkwiyowo ankangoumeza, shugayo n'kuthira m'phala.

8.

Sitima itachoka ulendo uja, amisiri a bokosi anabwera kudzayeza. Tepi yawo anaiiwala m'galimoto, ndiye Twaibu anakatenga ya bambo ake, ya utelala, yomwe inayeza mikanjo ya theka la tauni ino. Anayeza m'litali, m'lifupi, kuchindikala, akutchula manambala mokweza ngati akuyeza mkwati. A Jafali anali pampando pomwepo. Diso lawo lakumanzere linkatuluka madzi, koma linkatero masiku onse, ndiye palibe akanalumbira kuti ndi misozi.

Amisiri atapita Sakina anagwada n'kuwafunsa ngati avomera. Ntchentche inatera pamlomo pawo, iye n'kuiingitsa.

9.

Uthenga wa maliro unamupeza Twaibu pajeti akukonza maambulera a alendo. Anathamanga, analira pamapazi a bambo ake kulira kwenikweni, kwa mamina. Za chitseko anazimva kwa amayi a nyumba yoyandikana. Anamukokera Sakina kuseri, pafupi ndi thandala la mbale.

Achemwali, mukufuna kundiphetsa?
Lero maliro ndi amodzi. Akwana.
Ndinagwirana nawo chanza anthu aja.
Chanzacho n'chako. Chitseko si chako.
Bambo samalankhula, achemwali. Inu mukudziwa, ine ndikudziwa.
Ati, chitseko ndipita nacho.

Anamufotokozera zonse, za sukulu, za denga, za ntchito imene ikakupulumuka m'tauni muno siipezekanso. Sakina anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anamuuza kuti akavule malaya a kampaniwo, amuna akumudikira kuti asambitse bambo.

10.

Nkhani inapita kwa ashehe, amene anali pamkeka pansi pa mango akudula nsalu yoyera. Ndi munthu wosakonda phokoso; mlandu ukamabwera kutsogolo, iwo amayang'ana nkhuku. Sakina anagwada chapatali. Ashehe anamufunsa kuti panali ndani pamene malemu ankalankhula. Iye anati anali yekha, monga masiku onse. Amuna a pamkeka nawo anayamba kuyang'ana nkhuku zomwezo.

Ashehe anati mabuku sanena mtundu wa thabwa. Thabwa ndi thabwa, bola litchinge dothi. Anatinso mawu a munthu womwalira ndi katundu, ndipo amene wawasenza akawatula yekha kutsogolo uko. Ponena izi anamuyang'ana Sakina nthawi yaitali. Sakina sanaphethire. Pomaliza anati iwo sazula msomali pa nyumba ya eni, ndipo mwamuna aliyense asakhudze chitsekocho mpaka mwana wamwamuna atavomera.

11.

Ife amayi a zitenje, ife a mandasi, ife a mikanda ndi madengu, tinene zoona: tinakwiya naye. Tinalira nawo, inde, maliro n'kulirana, koma mumtima tinali pamsika. Alendo amadutsa mumsewu muno chifukwa cha chitseko. Chikakwera sitima, a Kaliwo analonjeza kuikapo china chofanana nacho, chosema anyamata a mumzinda, chofukiza utsi kuti chikalambe. Alendo sakanadziwa. Koma chikalowa m'dothi a Kaliwo akwiya, msewu uno aufufuta pakapepala, ndiye ana athu adya maluwa? Tinatuma mmodzi wa ife kuti akamunong'oneze. Anabwerako atanyamula mawu omwe aja.

12.

Alendo anatulukira chakumunsi, mondondozana: zipewa, magalasi akuda, miyendo yofiira ndi dzuwa, mabotolo amadzi. Patsogolo a Kaliwo eni ake atanyamula kambendera, popeza wowayendetsa anali m'nyumba akusambitsa bambo ake. Mkuyu anali atauona kale, mzikiti wopanda denga anali atauona kale. Kumbuyo kwenikweni amuna awiri a m'sitima ankakankha ngolo, pangolopo pali bokosi.

Anafika pamasamba.

A Kaliwo si mlendo m'dziko muno. Kwawo nakonso amayala masamba. Mwendo wawo unadziwa, unaima wokha m'malere. Kenaka anayang'ana wotchi, mwendowo n'kutera tsidya lina. Chipewa sanavule.

Namfedwa satuluka m'nyumba ya siwa. Sakina anatuluka.

13.

A Kaliwo anayamba bwino, tisawanamizire. Anapepesa. Anati kampani yamva chisoni, malemu anali ngati mmodzi wa antchito ake. Anati alendo sakhalitsa, angojambula mwakachetechete, anyamata achotse chitseko mwaulemu, ndipo iwo atumiza matabwa atsopano a kumanda pompano, ndi chitseko chachitsulo cha loko ziwiri dzuwa lisanalowe.

Bwererani kuseri kwa masamba, anatero Sakina.
Mayi, tikambirane ngati akuluakulu.
Akuluakulu amakambirana atavula chipewa. Bwererani.

Anabwerera. Sanafune, koma akabaza anali atatsamiritsa njinga zawo n'kuima m'mbali mwa msewu, zipewa m'manja. Ali kuseri kwa masambako, mawu a bwanayo anasintha. Anatchula ntchito ya Twaibu. Anatchula msewu wonse. Anati madoko akale alipo ambiri, sitima siikakamira pamene siifunidwa.

Sakina anachita mantha, nayenso tisamunamizire. Koma sanasunthe. 

14.

Mafunso a alendo, monga anawamva a Kaliwo ali kuseri kwa masamba:

Kodi izi zili papulogalamu?
Masambawa ndi amankhwala?
Agogo a nduwira aja ali kuti, mnzanga anawajambula chaka chatha?
Akuimba kapena akulira?
Tingalowe tikavula nsapato?
Kodi nkhomaliro ichedwa?
Mayi uja wakwiyira ife?



15.

Mayi wa chipewa chachikulu anafika kutsogolo, chipewacho chili m'manja, atachita kuonera kwa akabaza. Ndi munthu wachikulire wa maso achifundo, ndipo zimenezo n'zimene zinamuvuta kwambiri Sakina, chifukwa munthu woipa savuta kumukana. Analankhula motsitsa, a Kaliwo akumasulira. Anati pepani. Anati chitseko chotere sichidzapezekanso. Kwawo chikakhala m'chipinda chozizira, kuseri kwa galasi, ndipo anthu a mayiko onse azidzachiona mpaka kalekale. M'dothi chiswe chichimaliza mvula isanathe.

Muwauze kuti chiswecho n'chathu, anatero Sakina.

A Kaliwo sanamasulire.

Muwauzenso kuti maluwa awa anawasema munthu pofuna kuti asakwere ngalawa. Nawonso sakwera.

Izinso sanamasulire. Anangonena m'Chingerezi kuti mayiwa asokonezeka ndi chisoni.

16.

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Nthawi inali ikutha, adzukulu atatumiza kale mawu kuti kumanda atsiriza. Sakina anatenga hamala ndi khasu lakale lopanda mpini, n'kuyamba kulimbana ndi zitsulo zimene zinagwira chitseko kumphuthu.

Gu.
Gu.
Gu.

Dzimbiri linagwa. Chitsulo sichinasunthe. Hamala inaphonya n'kutera pachala, chikhadabo chinang'ambika, magazi anadonthera pa duwa la m'munsi. Amuna a pamkeka anayang'ana, ena anadzuka pang'ono n'kukhalanso, mawu a ashehe atawagwira m'chiuno. Kuseri kwa masamba makamera ena anali atayamba kale ntchito. Izi sizinali pakapepala, koma zinaposa mzikiti wopanda denga.

Gu.

17.

Iwe Twaibu, iwe amene ndinakubereka kumbuyo amayi ali kudimba, iwe amene unaphunzira kuimirira utagwira maluwa omwewa, chipsera cha pamphumi pakocho chinakupatsa ndi chitseko chomwechi tsiku lija unkathawa jakisoni, iwe amene umalankhula Chingerezi chokoma ngati cha pawailesi ndipo ine ndimanyadira ndikamakumva ngakhale ukunama, sindidana nawe, denga lako ndikulidziwa, ndinagonamo, ndinatchera nawo mabeseni, koma tuluka, tuluka uone chala changa

Mawu onsewa Sakina sanatchule ndi limodzi lomwe. Ankangomenya.

18.

Twaibu anatuluka manja akadali onyowa ndi madzi osambitsira bambo ake, atavala mkanjo wobwereka. Anayang'ana a Kaliwo, anayang'ana bokosi, anayang'ana magazi. Anagwada pafupi ndi mlongo wake ngati akufuna kumulanda hamala, n'kufunsa motsitsa kuti wina asamve.

Achemwali. Analankhuladi?
Ukanakhalapo ukanamva wekha.

Twaibu anayang'ana chitseko. Kenaka anaseka, kuseka kwa munthu wogonja, misozi ili chuchuchu. Anati mukumenya pachabe, chitseko ichi sichizulidwa, chimanyamulidwa, amisiri a bokosi anandionetsa. Analowetsa phewa pansi pa mtanda wapakati, anakodola amuna a pamkeka ndi mutu, onse n'kukankhira m'mwamba. Chitseko chinatuluka m'zitsulo zake mosavuta, ngati dzino la mwana.

Luso limene anaphunzira kuti achigulitse ndi lomwe anachichotsera.

19.

Anachigoneka pakhonde chafufumimba, ndipo kumbuyo kwake kunaona dzuwa koyamba. Zaka zonsezi alendo ankajambula maluwa. Mbali ya eni nyumba inali iyi:

mwaye wa koloboyi
msomali wokolekapo mzuli
msomali wina wokolekapo tepi
samu za choko za ana amene lero ali ndi imvi
mazira a mphemvu
malo osalala, akuda, pamene manja a mibadwo yonse ankakankhapo

Sakina anapukuta ndi mpango wake. Mphemvu anazisiya zithawe.

20.

Itatha swala jeneza inanyamuka, machira aja onyamulira mtembo, ikuyenda paphewa ndi paphewa monga mwa mwambo, aliyense kusenzako pang'ono n'kusiyira mnzake. Kumbuyo kwake chitseko, pamitu pa amuna, Twaibu ali kutsogolo kwake. Alendo anapatuka okha. Ena anavula zipewa, ena anajambula, ena anachita zonse ziwiri.

Akazi sapita kumanda. Sakina anafika pamasamba a kumunsi n'kuima. Mphamvu zake zinathera pomwepo. Kuyambira apa chitseko chinali m'manja mwa mlongo wake, ndipo a Kaliwo ankayenda pambali pake, pakamwa pali pakhutu, ngolo ya bokosi ikutsata.

Kumunsi kwa msika msewu umagawikana. Kumanzere, jeti. Kumanja, manda.

21.

Anthu sankaonekanso bwino, fumbi lokhalokha. Koma chitseko chinkaoneka, chikuyandama pamwamba pa mizuli. Jeneza inakhotera kumanja.

Chitseko chinaima.

Chinaima nthawi yokwanira kuti munthu aganize za ana ake, za denga lake, za malaya a kampani amene wawasiya pamsomali. Sakina analuma chala chovulala chija kuti asakuwe, mawu a Twaibu aja akumulira m'makutu.

Kumanzere kwanu, amayi ndi abambo.

Kumanzere kwanu.

Chinakhotera kumanja.

22.

Sitima inalira masana omwewo, msanga kuposa masiku onse. Bokosi linabwerera ndi masiponji ake. Amayi a zitenje analongedza katundu wawo osamuyang'ana Sakina, ndipo ena mwa iwo sanamupatse moni mpaka mvula itagwa. Kapepala ka ulendo wotsatira kanatuluka mzere umodzi utachoka. Masiku ano alendo amachoka pamkuyu kupita kumzikiti kudzera njira ya kuseri. Twaibu amapalasa kabaza, ndipo akasitomala amati amalankhula kwambiri. Denga lake likudonthabe. Musaganize kuti nkhani iyi inathera aliyense bwino.

23.

Koma tsiku lomwelo, pobwera kumanda, Twaibu anakhala pakhonde mkanjo uli dothi lokhalokha. Pakhomo Sakina anali atapachikapo mkeka. Twaibu anamufotokozera mlongo wake zimene akazi saona: kuti adzukulu anadandaula, anachita kukulitsa dzenje, kuti ashehe anathandiza nawo kutsitsa, kuti a Kaliwo anafika mpaka m'mphepete mwa manda, anavula chipewa, n'kubwerera.

Maluwa mwawayang'anitsa kuti?
Kwa bambo.

Funso lija, loti kodi bambo analankhuladi, Twaibu sanalifunsenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anangopempha madzi akumwa. Mphepo ya kunyanja inkakankha mkeka, kulowa m'nyumba osanena odi.

24.

M'mawa wa tsiku lomwelo, masamba asanayalidwe. Twaibu wapita kale kujeti. Sakina wakhala pamphasa pambali pa bambo ake ndi kapu ya phala. Nduwira yofiira ili pampando, yositidwa, kudikira sitima. Phala likubwerera. Mpweya wasintha, ndipo iye akudziwa. Akuwerama, khutu pakamwa pawo.

Bambo, nenani. Lero achitenga. Nenani kanthu, ngakhale kamodzi.

Akudikira. Maso a bambo ali kudenga, osati kuchitseko, osati kwa iye. Milomo siikugwedera. Dzanja silikufinya. Mpweya ukutuluka, osabwereranso.

Palibe.

Akuwatseka maso, akuwanenera mawu a Mulungu oyenera kunenedwa. Akutenga nduwira ija n'kuiponya kuseri kwa kabati. Patali panyanja sitima ikulira.

Wakhala kanthawi, manja ali pamiyendo. Akudziwa kulemera kwa katundu amene akufuna kusenza, ndi kumene akamutule. Bambo awa anthu akhala akuwaikira mawu m'kamwa kamodzi pamwezi, m'Chingerezi. Lero awaikira ndi iye, kamodzi kokha, m'chinenero chawo.

Akukankha chitseko pamalo osalala paja, n'kutuluka kukaitana amayi.